Kuphunzira kudaiva muli paulendo kunja: malangizo kwa ochokera ku Mzuzu

Ambiri a ife kuno ku Mzuzu tafikako kunyanja yamchere. Ena timapita ku Dar es Salaam kukapikula katundu ku Kariakoo, ena kumisonkhano ku Zanzibar, ena kukaona abale ku Joni n'kupezerapo mwayi wotsikira ku Durban. Timabwerako ndi zithunzi tili m'mphepete mwa nyanja, madzi akulekeza m'mawondo. Za kulowa pansi pake mutabereka thanki ya mpweya, zimene amazitcha scuba diving ndipo anyamata a ku Nkhata Bay amangoti kudaiva, timaziona ngati za azungu okhaokha. Si choncho ayi. Ine ndinaphunzira ndili paulendo, ndipo ndikulemba kuti amene ali ndi mtima wofuna kuyesa akayambe bwino. Maphunziro ake amatha masiku 3 kapena 4, koma kuti akayende bwino zimadalira zimene mwachita musananyamuke kuno, komanso masiku amene mwasiya opanda chochita kumapeto kwa ulendo.

Yambani ndi kusambira, ndipo muyambire kuno

Setifiketi yoyamba imene anthu ambiri amatenga imatchedwa Open Water Diver. Amene amaipereka ndi mabungwe monga PADI, limene linayamba mu 1966 ku America, kapena SSI, la mu 1970. Musanailandire, a PADI amafuna kuti musambire mamita 200 osaima, kapena mamita 300 mutavala magalasi, zipsepse za kumapazi ndi kapaipi kopumira. Amafunanso kuti muyandame pamadzi akuya kwa mphindi 10 osagwira kanthu. Sapikisanitsa liwiro, ndipo masambiridwe alionse ndi ololedwa, ngakhale aja tinaphunzira tili ana ku Lunyangwa. Koma mamita 200 ndi aatali kuposa mmene amamvekera, makamaka kwa munthu amene watha zaka akungokhala mu ofesi.

Ndiye musadikire kukadziyesa kunja mutalipira kale madola. Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzinda muno. Tsikani Loweruka lililonse kwa mwezi umodzi kapena iwiri, mukhale ndi mnzanu wodziwa madzi pambali panu, muzisambira motsatira gombe. Gulani kapena bwerekani magalasi ndi kapaipi kaja, muzolowere kupuma ndi pakamwa pokha nkhope ili m'madzi. Chinthu chimenechi ndi chimene chimagwetsa ophunzira ambiri tsiku loyamba: mphuno imafuna kukoka mpweya mmene inazolowerera chibadwire, ndipo madzi akangoikhudza munthu amanjenjemera n'kuthawira pamwamba.

Pali njira ina yabwino kwambiri kwa ife. Kunyanja kwathu kuno, ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear, kwakhala kuli malo ophunzitsa kudaiva kwa zaka zambiri, ndipo alendo ochokera kutali amabwera kudzaphunzirira konkuno chifukwa madzi ake ndi ofunda, alibe mchere woyabwa m'maso, ndipo mbuna zamitundumitundu zimangokuzungulirani. Mungathe kuchita gawo la m'kalasi ndi la m'madzi osaya kuno, aphunzitsi n'kukulemberani kalata yokapitiriza nayo kwina. Kalatayo imagwira ntchito kwa miyezi 12. Mukafika kunja mumangotsala ndi madaivi 4 a panyanja, amene amatha masiku awiri. Ngati masiku anu a tchuthi ali ochepa, njira imeneyi ndi imene ndingakulangizeni.

Kaonaneni ndi dokotala musanagule tikiti

Sukulu iliyonse yoona imakupatsani fomu ya zaumoyo. Imafunsa za mphumu, khunyu, matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga, opaleshoni ya m'khutu kapena pachifuwa, komanso ngati mayi ali woyembekezera. Mukayankha kuti inde pa limodzi la mafunso ofunikawo, amafuna kalata ya dokotala. Fomuyo imapezeka pa intaneti. Isindikizeni, mupite nayo kwa dokotala wanu konkuno, chifukwa kukafunafuna dokotala kudziko la eni kumadya ndalama ndi masiku.

Pano ndikupempheni ndi mtima wonse: musanamepo. Makamaka amene munadwalapo chifuwa chachikulu, ngakhale munamaliza mankhwala kalekale ndipo mukumva bwino, muuzeni dokotala. Matendawa amatha kusiya zipsera m'mapapo zimene zimatsekereza mpweya, ndipo pansi pa madzi mpweya wotsekeredwa ndi woopsa, monga ndifotokozere kutsogoloku. Mayi woyembekezera asadaive konse. Dzino lobooka likonzetseni musanapite.

Sankhani kopita ndi nyengo yake

Kwa munthu wa ku Mzuzu, kufupi ndi ku Tanzania. Mumakwera basi kudzera Chiweta ndi Karonga, kuoloka pa Songwe, kenaka Mbeya mpaka Dar es Salaam, ndipo kuchokera pamenepo boti lopita ku Zanzibar limatenga maola pafupifupi awiri. Sukulu zambiri zili kumpoto kwa chilumbacho, ku Nungwi, Kendwa ndi Matemwe, ndipo zimatengera anthu kumatanthwe a pafupi ndi kachilumba ka Mnemba. Mvula yaikulu kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumaomba mphepo ya kum'mwera imene iwo amaitcha kusi, m'bale wake wa mwera wathu uja amautsa mafunde panyanja yathu. Funsani a sukuluyo mmene nyanja imakhalira mwezi umene mukufuna kupita.

Ku Mozambique kuli Tofo, pafupi ndi Inhambane, kotchuka ndi nsomba zikuluzikulu ngati whale shark ndi manta. Ku South Africa kuli Sodwana Bay, ku KwaZulu-Natal. Malo awiriwa ndi okongola, koma boti limanyamukira pamchenga n'kudutsa m'mafunde amphamvu, ndipo kwa munthu amene amachita nseru ngakhale pa Ilala, tsiku loyamba limakhala lowawa. Amene ali ndi mwayi wofika ku Egypt, ku Dahab amalowa m'madzi kuchokera pagombe popanda boti, ndipo Koh Tao ku Thailand ndi kachilumba kamene kamaphunzitsa anthu ochuluka zedi chaka chilichonse. Kulikonse kumene mwasankha, nkhani ya ndalama zakunja muiyambe msanga, chifukwa tonse tikudziwa mmene madola amavutira kupeza kubanki masiku ano, ndipo sukulu zambiri zimafuna kuti mulipireko pang'ono musanafike.

Sankhani mphunzitsi, osati mtengo wotsika

Ili ndi gawo limene ine ndinalakwitsa. Ndinasankha malo otchipa kuposa onse, ndipo ndinapezeka m'gulu la anthu 8 pa mphunzitsi mmodzi, onse olankhula Chingerezi chothamanga. Nditavutika kutulutsa madzi m'magalasi, ndinaona kuti ndikuchedwetsa anzanga, ndinangogwedeza mutu ngati ndamvetsa. Tsiku lotsatira ndili mamita 10 pansi madzi analowadi, mtima unagunda ngati ng'oma ya vimbuza. Ndinasiya, n'kukayambiranso kwa mayi wina amene anali ndi ophunzira atatu okha, ndipo iye anakhala nane m'madzi olekeza pachifuwa mpaka dzanja langa linasiya kunjenjemera.

Choncho alembereni uthenga musanalipire, muwafunse mafunso awa. Mphunzitsi mmodzi amatenga ophunzira angati? Anayi kapena ocheperapo ndi bwino. Mtengowo ukuphatikiza zipangizo, buku, setifiketi, boti ndi ndalama yolowera kumalo otetezedwa, kapena zina mudzalipira padera? Mukadwala chimfine kapena mukafuna tsiku loonjezera, amatani? M'boti mumakhala botolo la okosijeni la pangozi? Chipinda chothandizira odwala matenda a kudaiva, chimene amati chamber, chili kuti kuchokera pamalopo? Sukulu yabwino imayankha mafunsowa mosanyinyirika. Dzina la sukuluyo muliyang'anenso pa tsamba la bungwe limene akuti ali pansi pake. Za PADI kapena SSI musavutike nazo mutu: masetifiketi onsewa amalandiridwa kulikonse.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Pali kadaivi kolawa ka tsiku limodzi kamene amagulitsa kwambiri kwa alendo, ka PADI amakatcha Discover Scuba Diving. N'kabwino ngati mukungofuna kuona ngati mungazikonde, koma sikapereka setifiketi. Funsaninso za inshuwalansi, chifukwa yapaulendo wamba nthawi zambiri siiphatikiza kudaiva. Bungwe la DAN, limene lili ndi nthambi yake kuno kum'mwera kwa Africa, limapereka inshuwalansi ya kudaiva ndi kuthandiza odaiva pangozi.

Werengani buku muli kunyumba

Gawo la m'kalasi masiku ano limachitika pa foni kapena kompyuta. Limalizeni madzulo muli kwanu ku Chibavi kapena ku Katoto, m'malo mokatha tsiku lathunthu la tchuthi mukuyang'ana vidiyo nyanja ili panja. Phata lake ndi limodzi. Kupanikiza kwa mpweya kapena madzi amakuyeza ndi muyeso wotchedwa bar, ndipo pamtunda mpweya umatipanikiza ndi mphamvu ya bar imodzi. Mamita 10 alionse a madzi amaonjezera bar ina. Ndiye pa mamita 10 pali bar 2, ndipo mpweya umene unadzaza chibaluni pamwamba umafinyika kufika theka. Pa mamita 20 umatsala gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukamakwera, umafufumanso chimodzimodzi.

Malamulo onse amachokera pamenepa. Loyamba, ndipo lalikulu kuposa onse: musagwire mpweya, muzipuma nthawi zonse. Munthu amene wadzaza mapapo pa mamita 10 n'kukwera atatseka pakhosi, mpweyawo umawirikiza kawiri m'chifuwa mwake ndipo ungang'ambe mapapo. Ana a kunyanja amene amabira pansi popanda thanki alibe vutoli chifukwa mpweya wawo anaukokera pamwamba. Amene munakulira ku Usisya kapena ku Chintheche, chizolowezi chogwira mpweya chija muchisiye dala.

Lachiwiri ndi la makutu. Mukamatsika madzi amakankha nembanemba ya m'khutu, ngati zija makutu amatseka potsika Chiweta, koma mwamphamvu kwambiri. Tsinani mphuno, muuzire pang'onopang'ono mpaka mumve kuti thu, ndipo muzichita zimenezi mita iliyonse, ululu usanayambe. Likakana, kwerani pang'ono muyesenso. Musakakamize. Tsiku la chimfine si tsiku lodaiva.

Lachitatu ndi la nayitrojeni. M'thanki simukhala okosijeni yekha monga ambiri amaganizira. Mumakhala mpweya wamba woupopera mwamphamvu, okosijeni 21 pa 100 ndipo wotsalawo pafupifupi wonse ndi nayitrojeni. Pansi pa madzi nayitrojeniyu amalowerera m'magazi ndi m'minofu. Mukakwera pang'onopang'ono amatuluka bwinobwino ndi mpweya wopuma. Mukathamanga amachita thovu m'thupi, ngati botolo la Fanta lotsekulidwa mwadzidzidzi, ndipo thovulo limabweretsa kuwawa kwa m'mfundo, dzanzi, chizungulire, nthawi zina kufa ziwalo. N'chifukwa chake simukwera mopitirira mamita 18 pa mphindi, ndipo makompyuta ambiri a pamkono, amene amakuwerengerani kuya ndi nthawi muli m'madzi, amafuna liwiro lochepera pamenepo. Pa mamita 5 mumaima mphindi 3 musanatuluke.

Masiku a m'madzi osaya

Apa m'pamene mumavala zipangizo koyamba: chovala chothina choteteza kuzizira, jekete lopopa limene amati BCD, thanki kumsana, regulator yopumira pakamwa, ndi lamba wa zitsulo zolemetsa. Pamtunda zimalemera ngati thumba la chimanga losadzaza, m'madzi simuzimvanso. Madzi amchere amayandamitsa munthu kwambiri kuposa a nyanja yathu, choncho amene munayambira ku Nkhata Bay mudzafuna zitsulo zoonjezera. Auzeni aphunzitsi kumene munayambira.

Mudzaphunzira kuchotsa regulator pakamwa ndi kuibwezera, kupuma mpweya wa mnzanu wanu ukatha, ndi kuvula magalasi muli pansi n'kuwavalanso. Potulutsa madzi m'magalasi, dinikizani m'mphepete mwake mwa pamphumi, yang'anani m'mwamba pang'ono, muuzire ndi mphuno. Musavomere kupitirira gawo limene simunalikhazikitse mtima. Ife timaleredwa kuti tisamavutitse aphunzitsi ndi mafunso, koma ulemu umenewo ulibe malo pano. Nenani kuti tibwerezenso, kasanu ngati kuli kofunika. Munalipira.

Manja ndiwo pakamwa panu. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zikapanga kabwalo, ndiye kuti zonse zili bwino. Chala chachikulu choloza m'mwamba, chija timachita kuno potanthauza kuti zili bho, m'madzi chimatanthauza kuti tiyeni tikwere, ndipo aliyense akachipereka daivi yatha popanda kufunsana zifukwa. Chikhatho chogwedezeka uku ndi uku chikunena kuti pali vuto, kenaka mumaloza pamene pali vutolo. Dzanja lodutsa pakhosi likunena kuti mpweya watha.

Panyanja penipeni

Madaivi awiri oyamba sapitirira mamita 12, awiri omaliza amafika mpaka 18, ndipo amenewo ndiwo malire a setifiketi yanu. Usiku wake musamwe mowa, mugone mokwanira, m'mawa mudye chakudya chopepuka ndi kumwa madzi ambiri. Ngati mumachita nseru m'boti, khalani chapakati, maso ali kutali kumene nyanja yakumana ndi thambo, ndipo mankhwala a nseru muwayese kaye tsiku lina pamtunda kuti muone ngati amakugonetsani.

Musanalowe, inu ndi mnzanu muyang'anane zipangizo: jekete likupopa ndi kuphwa, zitsulo zili m'malo, malamba amangidwa, thanki yatsegulidwa. Kokani mpweya kangapo maso ali pa geji yoonetsa mpweya wotsala m'thanki. Thanki yodzaza imakhala pa bar 200, ndipo muyenera kukhala mutatuluka isanatsike pa 50. Ophunzira amatha mpweya msanga chifukwa cha mantha ndi kupalasa ndi manja. Pindani manja pachifuwa, miyendo yokha izigwira ntchito, muzipuma mozama ndi modekha ngati munthu amene ali m'tulo.

Kenaka mudzazindikira kuti mwasiya kuganiza za zipangizo. Ine zinandichitikira pa daivi yachitatu. Kamba wa m'nyanja anadutsa chapafupi, osathamanga, osatiopa, ndipo ndinangomva kupuma kwanga ndi kathetheka kang'onong'ono kochokera m'matanthwe. Zinthu pansi zimaoneka zazikulu ndi zapafupi kuposa mmene zilili, ndipo mtundu wofiira umazimirira mukangotsika mamita ochepa, moti bala laling'ono pachala limatuluka magazi ooneka obiriwira. Musagwire kanthu. Matanthwe okongolawo ndi zamoyo zimene zimakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo zina mwa zolengedwa za m'nyanja yamchere zimaluma kapena kubaya ndi ululu, zosiyana ndi mbuna zathu zofatsa. Kamera muisiye kaye mpaka mutadziwa kuyandama osagunda pansi.

Tsiku lobwerera, ndi phiri la kwathu

Mukatuluka m'madzi, nayitrojeni amakhala akadali m'thupi kwa maola ambiri. Mukakwera ndege msanga, mpweya wa m'ndegemo umakhala wopepuka ndipo thovu lija lingayambe muli m'mwamba. Malangizo odziwika ndi oti mudikire maola osachepera 12 mukadaiva kamodzi, ndi maola osachepera 18 mukadaiva kangapo kapena masiku otsatizana, monga zimakhalira pamaphunziro. Aphunzitsi ambiri amangoti tsiku lathunthu, maola 24, ndipo ine ndimatsatira zimenezo. Ndiye pokonza ulendo, ikani maphunziro kumayambiriro, musiye tsiku limodzi lapadera la mphepo kapena chimfine, ndi lina lopuma kumapeto. Ngati muli ku Zanzibar, tsikulo kayendeni ku Stone Town, mugule nsalu za amayi kunyumba.

Chimene mabuku olembedwera kutali sangakuuzeni ndi chakuti kwa ife phiri ndi ndege n'chimodzimodzi. Basi yochokera ku Dar es Salaam imakwera mapiri a ku Iringa ndi Mbeya, ndipo Mbeya ili pamalo okwera mamita opitirira 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere. Kwathu konkuno, nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470, pamene Mzuzu ili pa mamita opitirira 1,200. Munthu amene wadaiva m'mawa ku Nkhata Bay n'kukwera minibasi masana, pasanathe ola limodzi ndi theka wakwera mamita oposa 700. Auzeni aphunzitsi kuti mumakhala ku Mzuzu, akuwerengereni nthawi yodikira, ndipo ngati mwadaiva kangapo, gonani kunyanja konko mukwere mawa lake. Mukamva dzanzi, kuwawa kwa m'mapewa kapena m'zigongono, kufooka kwachilendo kapena zidzolo pakhungu patatha maola ochepa mutadaiva, musati ndi kutopa kapena malungo. Imbirani a sukulu kapena a DAN nthawi yomweyo, pitani kuchipatala, ndipo mawu oyamba kwa dokotala akhale akuti munali pansi pa madzi ndi thanki.

Setifiketi yanu siitha ntchito, koma manja amaiwala. Lembani daivi iliyonse m'kabuku: tsiku, malo, kuya kwake, mphindi, ndi makilogalamu a zitsulo zimene munavala, aphunzitsi asainire. Mukabwerera, musadikire ulendo wina wakunja. Tsikani ku Nkhata Bay mwezi womwewo ndi kabukuko, muchepetse zitsulo poti madzi ndi opanda mchere, ndipo muwauze akonze kompyuta kapena tebulo lowerengera poti nyanja yathu ili pamalo okwera, ndipo malo alionse okwera kupitirira mamita 300 pamwamba pa nyanja yamchere amawerengedwa mosiyana. Mukadzatha miyezi 6 kapena kuposerapo osalowa m'madzi, pemphani kaye ola limodzi lokumbutsana m'madzi osaya musanatsikenso kuya.